Chifukwa Chake Matayala a Ndege Sapopedwa ndi Mpweya Wamba

M'mawa wa Lolemba pa 31 Marichi 1986, tsiku lotsatira Pasaka, ndege ya Boeing 727 ya kampani ya Mexicana inanyamuka mumzinda wa Mexico City kulowera ku Puerto Vallarta, pa ulendo umene unkayenera kukathera ku Los Angeles. Munali anthu 167. Itauluka mphindi pafupifupi 15, china chake chinaphulika kunsi kwa ndegeyo, moto n'kubuka. Oyendetsa anapempha kuti abwerere kumene anachokera, koma sanafike. Ndegeyo inagwera m'mapiri kufupi ndi tauni ya Maravatío, m'chigawo cha Michoacán, ndipo palibe amene anapulumuka.

Masiku oyambirira anthu ankanena za bomba. Ofufuza atasonkhanitsa zidutswa zonse anapeza kuti chimene chinaphulika ndi tayala. Buleki ya wilo imodzi inali ndi vuto, moti inatentha mopitirira muyeso pamene ndegeyo inkathamanga kuti inyamuke. Tayala la pa wiloyo linali lopopedwa ndi mpweya wamba, womwewu timapumawu, osati nayitrojeni. Linaphulika ndege itapinda kale miyendo yake n'kuilowetsa m'mimba, ndipo linadula mapaipi a mafuta ndi mawaya amagetsi amene amadutsa pamenepo.

Munthu amene wakhala akupopa njinga kapena galimoto moyo wake wonse ali ndi chifukwa chodabwira. Mpweya wamba wapha bwanji anthu? Kuti yankho limveke, tiyambe taona chimene chili mumpweyawo.

Mpweya umene timapuma ndi wosakanikirana. Pa magawo 100 alionse, 78 ndi nayitrojeni, 21 ndi okosijeni, ndipo gawo lotsalalo ndi timipweya tina, makamaka wotchedwa argon. Pamwamba pa izi pamakhalanso chinyezi, chochuluka m'dzinja, chochepa m'chilimwe. Alimi dzina la nayitrojeni amalidziwa bwino, chifukwa ndi chakudya chimene chimanga chimapeza mu yureya, ndipo nambala 23 ya pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S imanena za iyeyu. Koma akakhala payekha ngati mpweya, nayitrojeni ndi waulesi kwambiri. Alibe fungo, alibe mtundu, sayaka ndipo sathandiza chinthu china kuyaka. Daniel Rutherford, amene anamupatula koyamba ku Edinburgh mu 1772, anamuzindikira chifukwa cha khalidwe lomweli: mumpweya umene unamutsalira atachotsa zina zonse, kandulo sinkayaka ndipo mbewa sinkakhala ndi moyo. Okosijeni ndiye wa moto. Aliyense amene anapemererapo mbaula anaona makala ofooka akusanduka ofiira. Makalawo ndi omwewo, chimene chawonjezeka ndi okosijeni wofika pa iwo.

Tsono tayala la ndege yaikulu limapopedwa mwamphamvu kwambiri. La galimoto yaing'ono limalandira pulesha ya pakati pa 30 ndi 35 psi. La ndege yonyamula anthu, monga Boeing 737, limalandira pafupifupi 200 psi. Kupopa tayala mpaka pamenepo ndi kupanikizira m'malo amodzi mpweya wochuluka pafupifupi ka 15 kuposa umene ukanakhalamo tayalalo likanakhala lotsegula. Ngati mpweyawo ndi wamba, okosijeni nayenso wachuluka ka 15. Iye amakhalabe magawo 21 pa 100, koma kachidutswa kalikonse ka labala wa m'kati mwa tayala kakukhudzana ndi okosijeni wochuluka kwambiri kuposa amene labala wa kunja akukumana naye. Zinthu zimene panja pano zimavuta kuyatsa, m'malo otero zimayaka mosanyengerera.

Moto umafuna zinthu zitatu: okosijeni, choyaka, ndi kutentha. Choyaka chimachokera m'tayala momwemo. Labala akatentha kwambiri amayamba kuwonongeka n'kumatulutsa nthunzi yoyaka, ndipo popeza tayala ndi lotsekeka, nthunziyo ilibe kolowera. Imasakanikirana ndi mpweya wa m'katimo n'kumadikira.

Kutentha kumachokera ku mabuleki, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri sadziwa ntchito imene mabuleki a ndege amagwira. Ndege yolemera matani 60 ikamatera pa liwiro la makilomita 250 pa ola, imakhala ndi mphamvu yokwana kuwiritsa madzi ozizira oposa malita 400. Mphamvu yonseyo iyenera kutha pasanathe mphindi imodzi. Ina imatha chifukwa cha mphepo yowomba mapiko, ina chifukwa cha mainjini amene amatembenuza mpweya kuti uzikankhira kutsogolo, koma gawo lalikulu limagwera mabuleki, ndipo mabuleki alibe kwina koiponyera koma kuisandutsa kutentha. Mabulekiwa amakhala m'kati mwa wilo mwenimwenimo, mozunguliridwa ndi limu, ndipo tayala limakhala pa limuyo. Pa kutera kwa masiku onse amafika madigiri mazana angapo. Woyendetsa akasintha maganizo pa liwiro lalikulu n'kuimitsa ndege yodzaza imene inali pafupi kunyamuka, mabuleki amatha kupitirira madigiri 1,000, n'kufiira psuu. Ndege ya mtundu watsopano isanaloledwe kunyamula anthu amaiyesa dala motero, ili ndi katundu wokwana, mabuleki ali operepeseka, ndipo ikaima ozimitsa moto saikhudza kwa mphindi 5, kuti aone ngati anthu akanatha kutulukamo moto usanafalikire.

Choopsa cha kutentha kwa mabuleki n'chakuti sikufika pa tayala nthawi yomweyo. Kumayenda pang'onopang'ono kudutsa m'chitsulo, moti tayala limatenthetsetsa patapita mphindi zingapo buleki itasiya kugwira. Ngati ndege yangotera, nthawi imeneyi imakwana ili pabwalo, pamene amakaniko angathe kuona utsi. Koma ngati buleki inkagwira ponyamuka, nthawiyi imakwana miyendo itapindidwa kale, zitseko zake zitatsekedwa, popanda mphepo yoziziritsa, tayala lili pafupi ndi mapaipi a mafuta. Mphindi 15 za ndege ya Mexicana zija zinali nthawi imene kutentha kunkayenda kuchoka pa buleki kupita ku labala.

Ngozi ya mabuleki otentha inadziwika kale 1986 isanafike. Pa 4 Sepitembala 1963, ndege ya Caravelle ya kampani ya Swissair inkafuna kunyamuka ku Zürich kuli nkhungu yambiri. Oyendetsa anayamba ayenda mumsewu wonyamukira, mainjini akulira mwamphamvu koma mabuleki atagwira, pofuna kubalalitsa nkhunguyo, kenako n'kubwerera kukanyamuka. Mawilo anatentha n'kusweka, moto unayaka m'chipinda cha miyendo, ndipo ndegeyo inagwa ku Dürrenäsch. Anthu onse 80 anafa, ndipo 43 mwa iwo anali a m'mudzi umodzi waung'ono wotchedwa Humlikon.

Akatswiri amasiyanitsa mitundu iwiri ya kuphulika kwa tayala, ndipo kusiyana kumeneku ndiye phata la nkhani yonse. Koyamba ndi kung'ambika: tayala lafooka, kapena laponda chitsulo, kapena pulesha yakula chifukwa cha kutentha, ndiye mpweya waboola n'kutuluka. Izi n'zoopsa ndithu, koma opanga ndege anazikonzekera. Tayala la ndege amaliyesa kuti lipirire pulesha yochuluka kanayi kuposa imene limagwirira ntchito, kwa masekondi osachepera atatu. Komanso m'limu amaikamo tizitsekerero ta chitsulo chosachedwa kusungunuka. Limu ikatentha kufika pa muyeso woikika, kachitsuloko kamasungunuka, mpweya n'kutuluka, tayala n'kuphwa lisanang'ambike. N'chifukwa chake ndege imene yaima mwadzidzidzi pa liwiro lalikulu imapezeka matayala ataphwa pakapita kanthawi. Si vuto ayi, anazipanga kuti zizitero.

Kuphulika kwachiwiri ndi kwa moto. Nthunzi ya labala ndi okosijeni wopanikizika zikafika pa kutentha kokwanira, zimayaka zokha popanda choyatsira chilichonse. Pulesha imakwera m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo kabowo ka kachitsekerero kaja sikangatulutse mpweya mwachangu chotero. Tayala ndi limu zimasweka pamodzi, zidutswa n'kuboola chilichonse chimene chili pafupi. Palibe tayala limene lingapangidwe kuti lipirire zimenezi n'kukhalabe lopepuka moti ndege n'kulinyamula. Mabuleki sangaleke kutentha, ndipo tayala silingaleke kukhala la labala. Pa zinthu zitatu zimene moto umafuna, chimene munthu angachotse mosavuta ndi okosijeni.

Mu 1987 bungwe loyang'anira za ndege ku America, la FAA, linalamula kuti matayala onse a pa mawilo okhala ndi mabuleki a ndege zikuluzikulu azipopedwa ndi nayitrojeni wouma. Lamuloli linadzalowa m'malamulo opangira ndege mu 1993, ndipo limakhudza ndege zimene zimanyamuka zikulemera kuposa mapaundi 75,000, omwe ndi pafupifupi matani 34. Silinena kuti m'tayala musapezeke okosijeni ngakhale pang'ono. Limati asapitirire magawo 5 pa 100, chifukwa pamenepo nthunzi ya labala siyaka. Muyeso umenewu ndi wosavuta kuukwaniritsa. Tayala latsopano likamaikidwa pa limu limakhala ndi mpweya wamba m'kati, koma akalipopa ndi nayitrojeni mpaka 200 psi, okosijeni amene analimo amasungunuka m'chigulu cha nayitrojeniyo n'kutsala wosakwana magawo awiri pa 100. Vuto limabwera pamene makaniko akuwonjezera pang'ono lero, pang'ono mawa, ndi kompuresa wamba. Tindege ting'onoting'ono tophunzitsira, monga Cessna 172, lamuloli silitikhudza. Pulesha ya matayala ake sisiyana kwenikweni ndi ya galimoto, mabuleki ake ndi aang'ono, ndipo miyendo yake siipindika.

Mukafunsa anthu chifukwa chimene ndege zimagwiritsira ntchito nayitrojeni, ambiri satchula moto. Amatchula zifukwa zina, zoona ndi zabodza zosakanikirana.

Bodza lofala kwambiri ndi lakuti nayitrojeni safufuma akatenthedwa. Amafufuma. Mpweya uliwonse wotsekeredwa m'chinthu umakweza pulesha ukatenthedwa ndipo umaitsitsa ukazizira, ndipo pa nkhani imeneyi nayitrojeni ndi mpweya wamba wouma sasiyana. Amakaniko a ndege amadziwa kuti kutentha kukasintha ndi madigiri atatu, pulesha imasintha ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100, ngakhale m'tayala muli nayitrojeni yekhayekha. Ndege yochoka kotentha kupita kozizira amaiganizira zimenezi isananyamuke, ndipo pulesha amayeza tayala litazizira, patapita maola angapo ndege itatera. Bodza lina ndi lakuti kumwamba, kumene mpweya ndi wochepa, tayala la mpweya wamba lingaphulike. Ngakhale ndege itakwera mpaka kumene kulibiretu mpweya, kusiyana kwa pulesha ya m'kati ndi ya kunja kungawonjezeke ndi 15 psi yokha. Tayala loyesedwa pa 800 psi silingatekeseke nazo.

Choona ndi nkhani ya chinyezi. Kompuresa imayamwa mpweya wa pamalopo pamodzi ndi nthunzi yamadzi imene ilimo, n'chifukwa chake thanki yake imakhala ndi potulutsira madzi kunsi. Ena mwa madziwo amalowa m'tayala. Madzi satsata malamulo amene mpweya wouma umatsata: kukazizira amasanduka madontho, kukatentha amasanduka nthunzi n'kukweza pulesha mosayembekezereka. Ndege imauluka pamtunda wa mamita 10,000 kapena kuposa, kumene kunja kumazizira mpaka madigiri 50 kunsi kwa ziro, ndipo pakangotha maola ochepa tayala lomwelo limagunda msewu wotentha, utsi n'kufuka. Madontho aja amatha kuundana pa valavu. Amadyanso limu, imene nthawi zambiri imapangidwa ndi aluminiyamu, ndipo okosijeni wopanikizika amakalambitsa labala kuchokera m'kati. Izi zili ndi mtengo wake, chifukwa tayala la ndege satalitaya mapazi ake akatha. Amalitumiza kufakitale kukaliveka labala watsopano, kangapo konse, malinga ngati thupi lake likadali lolimba. Nayitrojeni wa m'botolo amabwera wouma kale. Onani kuti lamulo lija silinangoti nayitrojeni, linati nayitrojeni wouma.

Palinso choona china chaching'ono: okosijeni amadutsa mu labala mofulumira katatu kapena kanayi kuposa nayitrojeni, choncho tayala la nayitrojeni limachedwerapo kuphwa. Koma kwa ndege ichi si chifukwa chachikulu. Tayala la ndege limataya pulesha mulimonsemo, ndipo opanga matayala monga Michelin ndi Goodyear amati kutaya mpaka magawo 5 pa 100 pa tsiku limodzi si chachilendo. N'chifukwa chake amalangiza kuti liziyezedwa ndi geji tsiku ndi tsiku. Maso sathandiza, chifukwa matayala a ndege amakhala awiriawiri, ndipo limodzi likachepa mpweya linzake limanyamula katundu wake, onse n'kumaoneka ngati ali bwino.

Nayitrojeniyo amachokera mumpweya womwewu. Njira yakale, imene inayamba ndi ntchito ya Carl von Linde wa ku Germany mu 1895, ndi yoziziritsa mpweya mpaka usanduke madzi, kenako n'kuulekanitsa, popeza nayitrojeni amawira pa madigiri 196 kunsi kwa ziro pamene okosijeni amawira pa 183. Pabwalo la ndege amafika m'mabotolo achitsulo okwezedwa pa kangolo, ndipo pulesha ya m'botolo lodzaza imaposa ya tayala kakhumi kapena kuposerapo. Apa pali ngozi ina. Makaniko akalumikiza botolo ku tayala popanda chochepetsera pulesha, wilo imasweka, ndipo anthu afapo motero. M'magalaja a ndege, tayala longoikidwa kumene pa limu amalipopera m'khola lachitsulo. Ozimitsa moto nawonso amaphunzitsidwa kuti wilo yotentha asaiyandikire cham'mbali, kumene zidutswa za limu zimathamangira. Ndipo mabotolo a okosijeni, amene ndege imafunanso pothandiza oyendetsa kupuma, amasungidwa mosamala kuti asasokonezeke ndi a nayitrojeni, pakuti kupopa tayala ndi okosijeni weniweni n'kupanga bomba.

Ntchito ya nayitrojeni m'ndege siithera m'matayala. Ali m'miyendo, momwe amagwira ntchito pamodzi ndi mafuta pofewetsa kugunda kwa ndege ikamatera. Alinso m'matanki a mafuta a ndege zambiri za masiku ano. Ndege ya TWA, ya mtundu wa Boeing 747, itaphulika kufupi ndi New York pa 17 Julayi 1996 n'kupha anthu 230, ofufuza anapeza kuti nthunzi ya mafuta inayaka m'thanki yapakati. Mu 2008 FAA inakhazikitsa lamulo lochepetsa ngozi imeneyi, ndipo opanga ndege anayamba kuika makina osefa mpweya, amene amachotsa okosijeni n'kutumiza mpweya wochuluka nayitrojeni pamwamba pa mafuta.

Komabe ngozi yaikulu imene nayitrojeni wa m'tayala amateteza ndi imodzi yokha, moto woyambira m'kati mwa tayalalo. Sateteza tayala loperewera mpweya. Pa 11 Julayi 1991, ndege ya DC-8 ya kampani ya ku Canada ya Nationair, imene inkagwira ntchito m'dzina la Nigeria Airways, inkanyamuka ku Jeddah kubwezera Asilamu a ku Nigeria kwawo ku Sokoto atamaliza Haji. Matayala awiri anali ndi pulesha yochepa, ndipo izi zinadziwika masiku angapo m'mbuyomo, koma manambala a pa pepala loyezera anasinthidwa kuti aoneke abwino. M'mawa wa tsikulo makaniko anafunafuna nayitrojeni kuti awonjezere, koma sanapezeke msanga, ndipo woyang'anira ulendowo sanafune kuchedwa. Tayala loperewera mpweya limapindika kwambiri likamagudubuzika, kupindikako kumabala kutentha, ndipo linzake la pambali limalemedwa mopitirira. Matayala awiri a mwendo wakumanzere anaphulika ndege ikuthamanga, chitsulo chinakhula msewu, moto unayaka, ndipo oyendetsa, posadziwa kuti kunsi kukuyaka, anapinda miyendo n'kulowetsa motowo m'mimba mwa ndege. Anayesa kubwerera, koma ndegeyo inagwa itatsala pang'ono kufika pamsewu wotera. Anthu onse 261 anafa. Chimene chinasowa ku Jeddah ndi botolo limodzi ndi munthu wololera kudikira.

Nanga galimoto? Malo ena ogulitsira matayala amapopa nayitrojeni pamtengo wapadera, n'kuika kachivundikiro kobiriwira pa valavu, ndipo pokopa kasitomala amatchula ndege ndi magalimoto a mpikisano. Kuipa kulibe. Koma chifukwa chachikulu chimene ndege imafunira nayitrojeni, galimoto ilibe: pulesha yake ndi yochepa, mabuleki ake safika pa madigiri 1,000, ndipo siibisa matayala ake pambali pa mapaipi a mafuta. Chotsala ndi kuchedwa kuphwa kuja, ndipo magazini ya ku America ya Consumer Reports inakuyeza. Inapopa matayala a mitundu 31, ena ndi mpweya wamba, ena ndi nayitrojeni, onse pa 30 psi, n'kuwasiya chaka chathunthu. A mpweya wamba anataya 3.5 psi, a nayitrojeni anataya 2.2 psi. Kusiyana kwa 1.3 psi pa chaka n'kochepa kuposa kumene kumabwera pakati pa m'mawa wozizira ndi masana otentha. Mwini galimoto amene ali ndi ndalama yoti asankhe chimodzi, pakati pa nayitrojeni ndi geji yabwino yoyezera pulesha, agule geji.